Otizimu: Mwana Akapanda Kucheuka Poitanidwa

Otizimu ndi vuto la kakulidwe ka ubongo. Si ufiti, si chilango kwa makolo, ndipo katemera sayambitsa vutoli. Kawirikawiri zizindikiro zimaoneka mwana asanakwanitse zaka 3: sacheuka mukamuitana, saloza chimene akufuna, amachedwa kulankhula, kapena amatseka makutu pakakhala phokoso. Mukaona izi, fotokozerani azaumoyo kusikelo, ndipo pemphani kuti amuyeze makutu kaye, pakuti mwana wosamva nayenso sacheuka.

Mankhwala ochiza otizimu palibe, koma kuphunzitsa mwanayo msanga kumathandiza. Muzimulankhula mawu afupiafupi uku mukumuonetsa chinthucho, ndipo nthawi ya chakudya ndi yogona isamasinthesinthe. Kumumenya kapena kumutsekera m'nyumba kumangomuwonjezera mantha. Ana ena otere amadwalanso khunyu, matenda amene ali ndi mankhwala kuchipatala.