Kafukufuku wa ophunzira zamankhwala amalimba akachokera m'wodi

Wophunzira ukatswiri wa zamankhwala akayandikira kumaliza digiri yake amasenza mitolo iwiri. Masana amakhala m'chipatala, kuzungulira m'mawodi ndi madokotala, kuunika mankhwala amene odwala alemberedwa ndiponso kuthandiza pawindo la famase. Madzulo amayenera kukhalira pansi kafukufuku wake, amene ndi gawo la maphunzirowo. Nthawi ikachepa, kafukufukuyu ndiye amayamba kutsalira.

M'dziko muno maphunzirowa amaperekedwa ku Kamuzu University of Health Sciences, sukulu ya ukachenjede imene idayamba ntchito mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Mwa zipatala zimene ophunzira ake amasulirako luso muli cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre, chimene ambiri amachitcha Gulupu.

Chopinga choyamba ndi chilolezo. Kafukufuku wokhudza anthu kapena mafayilo awo sayamba komiti yoteteza ufulu wa otenga nawo mbali isanamuvomereze. Pasukuluyi komitiyo yakhala ikudziwika kuti COMREC. Akuluakulu a chipatala nawonso amayenera kulola. Komiti ikhoza kubweza ndondomeko ya wophunzira kuti akonze zina, ndipo masabata amapita akudikira. N'chifukwa chake aphunzitsi amathandiza kwambiri akaonetsetsa kuti ndondomekoyo yalembedwa ndi kutumizidwa wophunzira asanalowe m'wodi.

Chachiwiri ndi kukula kwa funso. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Wophunzira wofuna kufufuza vuto lonse la tizilombo tosamva mankhwala m'Malawi sangamalize. Koma angathe kufunsa kuti: mwa odwala amene adagonekedwa m'wodi imodzi m'miyezi itatu, ndi angati adabayidwa ceftriaxone, ndipo ndi angati adamulandira motsatira buku la malangizo a Unduna wa Zaumoyo lotchedwa Malawi Standard Treatment Guidelines?

Funso lotere lili ndi muyezo wokonzeka kale. Mu 2017 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidagawa maantibayotiki m'magulu atatu: Access, oyenera kuyambira pa matenda ofala, monga amoxicillin, Watch, ofunika kusamala nawo chifukwa tizilombo timawazolowera msanga, monga ceftriaxone, ndi Reserve, osungira pamene ena onse alephera. Wophunzira amangowerenga mafayilo n'kuika mankhwala alionse m'gulu lake. Kotero ntchito ya m'wodi ndi kafukufuku zimayendera limodzi. Makadi olembapo mankhwala olowa ndi otuluka m'nkhokwe ya famase angayankhenso funso lina lofunika: ndi masiku angati amene mankhwala akutiakuti adasowa?

Chachitatu ndi uyang'aniri. Mphunzitsi wa kusukulu amadziwa kasanthulidwe ka ziwerengero, koma sakhala m'wodi tsiku ndi tsiku. Katswiri wa zamankhwala wa pachipatala amadziwa kumene kaundula ali ndi masamba amene salembedwa mokwanira, koma amakhala ndi mzere wa odwala. Wophunzira amapindula awiriwa akagwirizana kuyambira pachiyambi, akamupatulira maola okhazikika pasabata, komanso akamaona ntchito yake chigawochigawo m'malo modikira buku lonse kumapeto. Ndi iwonso oyenera kumukumbutsa kuti dzina la wodwala silituluka m'chipatala: pafomu pamalembedwa nambala yokha.

Kafukufuku wothamangitsidwa m'sabata zomaliza amabala ziwerengero zosadalirika, ndipo amaphunzitsa katswiri wa mawa chizolowezi cholemba mongoyerekeza. Wochitidwa bwino asathere m'kabati ya laibulale. Zotsatira zake zikaperekedwa kwa madokotala, anamwino ndi a famase a pachipatalapo, zingasinthe kalembedwe ka mankhwala m'wodi momwe wophunzirayo adaimamo, ndipo wobwera chaka chotsatira angayeze ngati zinthu zasinthadi.