Ndulu Imapita N'kubwerera

Aliyense amene anatumbulapo nkhuku amadziwa mmene timasamalira pochotsa kathumba kobiriwira komatirira ku chiwindi. Kakangophulika ndiwo yonse yawawa, ndiye n'zosadabwitsa kuti ambiri amaiyesa ndulu nyansi yoyenera kutayidwa. Komatu thupi la munthu limaumira nayo kwabasi. Chiwindi chimapanga ndulu pafupifupi theka la lita patsiku, mwina kuposerapo. Tikadya zonona, kathumba kosungira ndulu kamafinyika, ndulu n'kutsikira m'matumbo aang'ono. Mmenemo michere ya mu ndulu imagawa mafuta kukhala timadontho, ngati mmene sopo amachitira m'mbale yodyera nyama. Ntchitoyo ikatha, chakumapeto kwa matumbowo, magawo 95 mwa 100 alionse a michereyi amayamwidwa, n'kubwerera ku chiwindi kudzera mu mtsempha waukulu wa magazi ochokera kumatumbo. Michere yonseyi imangokwana magalamu 3 kapena 4, koma chifukwa imazungulira kangapo pa tsiku limodzi, imakwanira chakudya cham'mawa mpaka chamadzulo. Yochepa imene yatayika, chiwindi chimaibwezeretsa poipanga kuchokera ku mafuta otchedwa cholesterol. Madokotala anapezerapo nzeru apa: mankhwala a cholestyramine amagwira michereyi m'matumbo kuti isabwerere, chiwindi n'kumakakamizika kuchotsa cholesterol m'magazi kuti chipange ina.

Wina anganene kuti, nanga si ndulu yomweyo imene imapatsa chimbudzi mtundu wake? Ndiye si nyansi bwanji? Akunena zoona, koma mbali imodzi yokha. Ndulu imasenza akatundu awiri. Woyamba ndi michere ija; wachiwiriyo ndi bilirubin, zotsalira za maselo ofiira a magazi, amene amakalamba pakatha masiku pafupifupi 120. Ameneyu ndiyedi woyenera kutuluka, ndipo mabakiteriya a m'matumbo amamusintha kuti ambiri mwa iye apite ndi chimbudzi. Vuto limabwera katundu wotayidwayu akakwera nawo ulendo wobwerera. Khanda longobadwa kumene silikhala ndi mabakiteriya okwanira, chiwindi chakenso chimakhala chisanakhwime, choncho bilirubin akachedwa m'matumbo amabwerera m'magazi, maso ndi khungu n'kuchita chikasu. N'chifukwa chake anamwino amaumirira kuti mwana ayamwe pafupipafupi, kuti azichita chimbudzi kawirikawiri. Koma chikasucho chikaoneka tsiku lobadwa lomwelo, chikafika m'zikhato ndi m'mapazi, kapena chimbudzi chikayera ngati phulusa, kuyamwitsa kokha sikuthandiza; mwanayo athamangire naye kuchipatala.