Mtengo wa Imfa Umene Unabala Mankhwala a Khansa

Liu loti "mankhwala" m'chinenero chathu lili ndi nkhope ziwiri. Tikamva kuti wodwala walandira mankhwala, mtima umakhala pansi. Koma tikamva kuti munthu amthirira mankhwala m'chakudya, timadziwa kuti kwagwa zoopsa. Agriki akale naonso anali ndi liu limodzi, pharmakon, lotchulira chochiza ndi chakupha chomwe. Mwa mitengo yonse imene madokotala amapezamo thandizo lero, umene umaonetsa bwino nkhope ziwirizi ndi mtengo wotchedwa yew, umene akatswiri a zomera amautcha Taxus.

Mtengowu ndi wa m'gulu limodzi ndi paini wa ku Chikangawa ndi mkungudza wa pa phiri la Mulanje, mitengo ija yosachita maluwa, ya masamba onga singano kapena timamba, imene imasunga mbeu zake m'zibalobalo zouma zamamba. Yew amasiyanako pang'ono ndi abale akewo, chifukwa mbeu yake imakhala imodziimodzi m'kachikho kofiira konga kachipatso. Kwathu kuno samera m'tchire, n'chifukwa chake alibe dzina la Chichewa. Amakula pang'onopang'ono zedi, ndipo amatha kukhala zaka mazana ambiri.

Anthu a ku Ulaya akhala akuudziwa kuyambira kale ngati mtengo wa imfa. Masamba ake, khungwa lake ndi mbeu yake zili ndi ululu umene umaimitsa mtima. Ng'ombe kapena kavalo akadya masambawo amatha kugwa tsiku lomwelo. Julius Caesar, m'buku lake lofotokoza nkhondo za ku Gaul, analemba za mfumu ina, Catuvolcus, imene inadzipha ndi yew m'chaka cha 53 Khristu asanabadwe. Komabe ndi mtengo womwewu umene mumaupeza m'manda ozungulira matchalitchi akale a ku England, ndipo Akatolika a ku Ireland, posowa kanjedza m'dziko lao lozizira, ankadalitsa nthambi zake pa Lamulungu la Kanjedza.

Mbiri ya mankhwala inayamba mu 1960, pamene bungwe la boma la America loona za khansa, National Cancer Institute, linagwirizana ndi unduna wa zaulimi kuti atole zomera zikwizikwi ndi kuziyesa. Mu August 1962 katswiri wa zomera, Arthur Barclay, anakanganula makungwa a mtundu wina wa yew, Taxus brevifolia, m'nkhalango ya m'chigawo cha Washington. Odula mitengo kumeneko sankauwerengera mtengowu. Akatha kutenga mitengo ikuluikulu ya matabwa ankautentha pamodzi ndi zinyalala. Makungwawo anafika m'manja mwa Monroe Wall ndi Mansukh Wani ku North Carolina, ndipo iwo anapeza kuti muli chinthu chopha maselo a khansa. Anachitcha taxol, nafalitsa mpangidwe wake mu 1971. Dzina limene madokotala amalemba lero ndi paclitaxel.

Zaka zingapo zinapita anthu osachita nacho chidwi. Chinali chovuta kupeza, ndipo sichinkasungunuka m'madzi, kotero kuti kuchilowetsa m'mitsempha ya munthu kunali kovuta. Vuto lachiwirili analithetsa pochisungunula m'mafuta okonzedwa kuchokera ku nsatsi, zomwezi zimene zimamera m'mabwinja mwathu. Koma chimene chinatsegula maso a onse ndi ntchito ya mayi wina, Susan Horwitz wa ku Albert Einstein College of Medicine ku New York, amene mu 1979 anaonetsa m'mene mankhwalawa amagwirira ntchito. Pamenepa tiyenera kuima pang'ono.

Thupi lathu ndi lomangidwa ndi maselo, tizigawo tamoyo tosaoneka ndi maso, timene timachulukana pogawikana pakati. M'thupi lathanzi kugawikanako kuli ndi malire ake. Khansa ndi maselo amene ataya malirewo, nangochulukana osaleka. Tsono selo likafuna kugawikana limamanga m'kati mwake timizati tating'onoting'ono, totchedwa microtubules, timene timakoka chuma cha selolo kuchigawa mbali ziwiri. Timizatito tiyenera kumangika ndi kuphwasuka, kutalika ndi kufupika, monga nsanja ya mmisiri womanga nyumba, imene amaikweza, kuisuntha ndi kuigwetsa malinga ndi pamene khoma lafika. Mankhwala ena akale, monga vincristine wochokera ku kaduwa ka ku Madagascar kamene masisitere ambiri amabzala pakhomo osadziwa mbiri yake, amaletsa nsanjayo kumangika. Paclitaxel amachita zosiyana: amailimbitsa mpaka siingaphwasukenso. Selo limatsala pakati pa ntchito, losatha kupita patsogolo kapena kubwerera, ndipo limafa.

Apa mpamene tikumvetsa chifukwa chake odwala athu amathothoka tsitsi ndi kufooka. Maselo a mizu ya tsitsi ndi a m'mafuta a m'mafupa, kumene magazi amapangidwa, naonso amagawikana msanga, ndipo mankhwala sasankha. Dzanzi la m'zala ndi m'mapazi limene ambiri amadandaula nalo limadza chifukwa mitsempha yomvera nayonso imadalira timizati tomweto. Ululu wa mtengo uja sunathe. Dokotala amangouyesa muyeso woti uphe nthenda msanga kuposa m'mene ungaphere mwini nthendayo.

Kuyesa pa anthu kunayamba m'zaka za m'ma 1980. Mu 1989 madokotala a ku Johns Hopkins analengeza kuti mwa amai odwala khansa ya m'malo opangira mazira, imene inali itakana mankhwala ena, pafupifupi atatu mwa khumi alionse chotupa chinachepa. Mu December 1992 boma la America linavomereza paclitaxel pa khansa imeneyi, ndipo mu 1994 pa khansa ya m'mawere. Kuchokera pa tsiku limene Barclay anakanganula khungwa panali patapita zaka 30. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chipambanocho chinabala vuto la chikumbumtima. Mankhwala okwanira wodwala mmodzi ankafuna makungwa a mitengo ingapo ya zaka pafupifupi zana, ndipo mtengo wosendedwa khungwa umauma. Panabuka mkangano woopsa: kodi tipulumutse mai kapena nkhalango? Nyumba ya malamulo ya ku America inachita kukhazikitsa lamulo lapadera mu 1992 loyang'anira kadulidwe ka mtengowu. Koma amene anamasula mfundoyi ndi akatswiri a sayansi. Ku France, Pierre Potier ndi anzake anapeza kuti masamba a yew wa ku Ulaya, Taxus baccata, amene amaphukanso akadulidwa, ali ndi chinthu chimene angachisandutse mankhwala omwewo. Ntchito yaoyo inabalanso mankhwala ena apachibale, docetaxel. Robert Holton wa ku Florida anapeza njira yochitira zimenezi mochuluka, ndipo pambuyo pake kampani ina ku Germany inayamba kulera maselo a yew m'matanki akuluakulu popanda kudula mtengo. Yew wa m'mapiri a Himalaya yekha sanachite mwai. Anakololedwa mosasamala mpaka analembedwa m'gulu la mitengo imene ingathe kutheratu. Papa Francis, m'kalata yake ya 2015 yotchedwa Laudato Si', anakumbutsa kuti zolengedwa zimene zikutha mwina zikupita ndi mankhwala amene sitinawadziwe, ngakhale kuti ulemu wao suchokera pa phindu lokhalo. Ife amene taona mkungudza wa pa Mulanje ukutha m'maso mwathu sitingaloze chala anthu a ku Himalaya.

Nkhaniyi ikutikhudza pafupi kuposa m'mene tingaganizire. Mu 1997 paclitaxel anavomerezedwa pa Kaposi sarcoma, khansa ija ya zigamba zakuda pakhungu ndi miyendo yotupa, imene imagwira kwambiri anthu amene chitetezo cha m'thupi mwao chafooka ndi HIV, ndipo ndi imodzi mwa khansa zofala m'Malawi. Kafukufuku amene anachitika ku Malawi, Kenya, Uganda, Zimbabwe, South Africa ndi Brazil, nafalitsidwa mu 2020, anapeza kuti pa nthenda yofika patali, paclitaxel pamodzi ndi ma ARV amathandiza kuposa mankhwala ena amene ankagwiritsidwa ntchito. Amaperekedwanso, pamodzi ndi mankhwala ena, pa khansa ya khomo la chiberekero ikafalikira. Mkhristu amene mwamdzoza mafuta a odwala dzulo, ali ndi diripi pamkono, mwina m'mitsempha mwake mukuyenda mphatso ya mtengo wa kumanda uja.

Thomas Aquinas Woyera anaphunzitsa kuti Mulungu, m'ubwino wake, amapatsa zolengedwa ulemu wokhala zoyambitsa zenizeni pansi pa Iye. Buku la Mphunzitsi Sira, mutu 38, limaika pamodzi pemphero, sing'anga ndi mankhwala otuluka m'nthaka, osalola kuti chimodzi chichotse chinzake. Choncho wansembe sayenera kuseka nkhalamba yonena kuti m'mitengo muli mphamvu yochiza, ikunena zoona. Koma ndimaona kuti cholakwa chimene chikutipha kwambiri m'maparishi ndi china. Munthu akamva kuti mankhwala a khansa anachokera ku mtengo, amaganiza kuti botolo la mizu logulitsidwa pa msika ndi chimodzimodzi, kapenanso loposa, popeza silithothola tsitsi. Amasiya chipatala pakati pa ulendo, nabwerera patapita miyezi chotupa chitaphulika. Tiwauze mosabisa: munthu wowiritsa masamba a yew n'kumwa, mtima wake ungaime khansa isanamve kanthu, ndipo palibe umboni woti madzi a masamba a paini kapena khungwa la mkungudza amachiza khansa. Pakati pa khungwa ndi diripi pali kupatula chinthu chimodzi mwa mazana, kuchiyesa pa odwala ambiri, ndi kuwerengera muyeso molingana ndi msinkhu ndi kulemera kwa munthu aliyense, magazi ake atayesedwa kaye.

Odwala ambiri amene amasiya mankhwala sasiya chifukwa cha umbuli. Paclitaxel amaperekedwa mobwerezabwereza, kawirikawiri pakapita masabata atatu alionse, kwa miyezi ingapo, ndipo zipatala zambiri zopereka mankhwalawa zili m'mizinda. Ulendo wachinai umafika nkhokwe itatha, mbuzi itagulitsidwa kale. Apa mpamene Mphakati ungafunse tsiku la ulendo wotsatira, kusonkha ya basi, ndi kupeza womperekeza.