Kuumba Mbiya m'Fakitale

Pa msika wa Zomba pamapezeka miphika ndi mitsuko youmbidwa ndi amayi a kumidzi. Luso limeneli ndi lakale ndithu, pakuti mapale amene anafukulidwa ku Nkope, m'boma la Mangochi, ndi a mbiya zoumbidwa zaka zoposa 1,000 zapitazo. Mayi amatapa dothi la mtapo, naliumba ndi manja, kenaka amaotcha mbiyazo pa moto wa nkhuni. Koma moto wa pabwalo sufika mofanana mbali zonse, motero mbiya zina zimang'aluka.

Mmodzi mwa anthu oyamba kuumba mbiya m'fakitale anali Josiah Wedgwood wa ku Mangalande, amene anabadwa m'chaka cha 1730. Ali mwana anadwala nthomba, ndipo bondo lake linafooka kotero kuti sankatha kupalasa gudumu loumbira. Chifukwa cha ichi anaika mtima pa kufufuza njira zatsopano. M'chaka cha 1759 anayamba ntchito yakeyake, ndipo mu 1769 anatsegula fakitale ya Etruria.

M'fakitalemo anagaŵa ntchito. Ena ankakanya dothi, ena ankaumba, ena ankajambula maluŵa, ndipo ena ankaotcha. Aliyense anazoloŵera mbali yake, nayamba kuigwira msanga ndiponso mwaluso. Wedgwood anapanganso chipangizo choyezera kutentha kwa uvuni. Popeza mbale zambiri zinkaswekera m'misewu yoipa, iye analimbikitsa zokumba ngalande ya Trent and Mersey, imene inatha mu 1777, kuti katundu aziyenda pa madzi.

Kuno ku Malaŵi, fakitale ya Dedza Pottery inayamba m'chaka cha 1987, ndipo inatchuka ndi makapu ndi mbale zojambulidwa nyama ndi midzi. Ziŵiya zotere zimaotchedwa kaŵiri. Zikapsa koyamba amazipaka mankhwala, naziikanso mu uvuni wotentha kuposa madigiri 1,200. Mankhwalawo amasungunuka nkusanduka ngati galasi, kotero kuti madzi saloŵa.

Komabe mtsuko wa kumudzi uli ndi ubwino wake. Madzi pang'ono amatuluka m'timaboŵo take, ndipo akamauma kunjako, otsala m'kati amazizira.

Mafunso
1. Nchifukwa chiyani mbiya zina zimang'aluka poziotcha?
2. Kodi kugaŵa ntchito kunathandiza bwanji ku Etruria?
3. Fotokozani chimene chimaziziritsa madzi a mu mtsuko.