Mpira Ngati Ntchito: Nkhani ya Temwa Chawinga

Lamulungu masana anthu ambiri kuno ku Milange amapita ku bwalo kukaonera mpira. M'midzi ana amamanga mpira wa chikulunga ndi mapepala ndi luzi, namauthamangira mpaka dzuŵa kuloŵa. Makolo ena amakalipa. Amati mpira ndi maseŵera chabe, sudzaza nkhokwe.

Kwa anthu ambiri mau ameneŵa ndi oona. Koma alipo ena oŵerengeka amene mpira ndiyo ntchito yawo. Amalembedwa ntchito, amalandira malipiro, ndipo amatha kuchotsedwa ntchito. M'phunziro lino tiŵerenga za mmodzi wa iwo, mtsikana wa ku Malaŵi, dzina lake Temwa Chawinga. Tiona m'mene ntchito imeneyi imayambira, kumene ndalama zake zimachokera, ndiponso chifukwa chake imatha msanga.

Kumene Temwa anachokera

Temwa Chawinga anabadwa pa 20 Seputembala 1998. Kwawo ndi ku Rumphi, kumpoto kwa Malaŵi. Ife tikawoloka malire pa Muloza timafika ku Mulanje, kummwera kwa dzikolo. Rumphi ali kutali, kupitirira Lilongwe ndi Mzuzu. Anthu a kumeneko amalankhula Chitumbuka. Dzina loti Temwa likuchokera ku mau akuti kutemwa, ndiko kuti kukonda.

Amene anayamba mpira m'banjamo ndi mkulu wake, Tabitha, wobadwa mu 1996. Iye ankaseŵera ndi anyamata. Mwini wake wakhala akufotokoza kuti makolo ake poyamba sankakondwera nazo, popeza mpira unkatengedwa ngati maseŵera a amuna. Ali wamng'ono ndithu, Tabitha anapita ku Lilongwe kukaseŵera m'timu ya atsikana ya DD Sunshine. Mu 2014 anapita ku Sweden, ku Ulaya. Temwa anatsata njira ya mkulu wakeyo.

Kuchokera ku Blantyre mpaka ku America

Woseŵera mpira sayambira pamwamba. Amayambira m'timu yaing'ono, ndipo akachita bwino timu yokulirapo imamuitana.

Temwa anadziŵika akuseŵera m'timu ya Blantyre Zero, mu mzinda wa Blantyre, umene ambiri a ife tinafikako. Mu 2017 anapita ku Sweden, ku timu ya Kvarnsveden, kumene kunali Tabitha. Kumeneko ndi dziko lozizira kwambiri, chakudya ndi china, chilankhulo ndi china. Anapirira zonsezi. Mu 2020 anasamukira ku China, ku timu ya mu mzinda wa Wuhan. Timu imeneyi inatenga chikho cha dzikolo zaka zinai zotsatizana Temwa ali momwemo.

Chaka cha 2023 chinali chachikulu kwa iye. Poŵerenga zigoli zimene anamwetsa ku timu yake ndi ku timu ya dziko la Malaŵi, zinakwana 63. Chaka chimenecho panalibe woseŵera wina wotchuka, mwamuna kapena mkazi, amene anafika pa chiŵerengero chimenechi. Mu Okutobala 2023 atsikana a Malaŵi anatenga chikho cha COSAFA, cha maiko a kummwera kwa Afirika. Anagonjetsa atsikana athu a Mozambique 2 kwa 1, kenaka Zambia 2 kwa 1. Temwa ndiye anamwetsa zigoli zambiri pa mpikisanowo, zokwana 9.

Mu Januwale 2024 analembedwa ntchito ndi timu ya Kansas City Current, ku America. Mu Malichi chaka chomwecho timuyi inatsegula bwalo lake latsopano, lokhalamo anthu 11,500, lomangidwira mpira wa akazi. Mu ligi ya chaka chimenecho munali matimu 14. Temwa anamwetsa zigoli 20, ndipo matimu ena onse 13 anaŵamwetsako. Kufikira pamenepo amene anali ndi zigoli zambiri pa chaka chimodzi anali Sam Kerr wa ku Australia, ndi zigoli 18. Temwa anasankhidwa kukhala woseŵera wopambana onse mu 2024, ndipo anasankhidwanso mu 2025.

Chida chake chachikulu ndi liŵiro. Anzake amaponya mpira kumbuyo kwa otchinga, iye n'kuuthamangira. Otchinga akamatembenuka, iye wapita kale.

Malipiro amachokera kuti?

Timu yaikulu imayendetsedwa ngati kampani. Imapeza ndalama kwa anthu olipira pakhomo, kwa a wailesi yakanema amene amagula chilolezo choonetsa maseŵerawo, ndi kwa makampani amene maina awo amalembedwa pa malaya a oseŵera. Ndalama zimenezi ndizo zimalipira oseŵera, aphunzitsi ndi madokotala a timu.

Woseŵera amasaina pangano lolembedwa, limene ambiri amati kontirakiti. Panganolo limanena zaka zimene adzagwire ntchito, malipiro ake, ndi zimene zidzachitike akavulala. Temwa atachita bwino mu 2024, timu yake inamuwonjezera pangano mpaka 2028. Amene sachita bwino, pangano lake likatha amauzidwa kuti akafune kwina.

Kaŵirikaŵiri timamva pa wailesi kuti wakutiwakuti wagulidwa. Tanthauzo lake ndi ili: ngati pangano silinathe, timu yatsopano imalipira timu yakale kuti imumasule. Mwachitsanzo, mu Malichi 2024 timu ya Orlando Pride ya ku America inalipira madola 740,000 kuti itenge Barbra Banda wa ku Zambia kuchokera ku timu ya ku Shanghai, ku China. Ndalama zotere zimapita ku timu yakale. Woseŵera amalandira zimene zalembedwa m'pangano lake.

Pali lamulo lina loyenera kulidziŵa. Bungwe la FIFA, loyang'anira mpira pa dziko lonse, sililola kuti mwana wosakwana zaka 18 atengedwe ndi timu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zoŵerengeka, monga ngati makolo ake asamukira komweko. Tabitha ndi Temwa onse anapita ku Sweden m'chaka chimene anali atafika msinkhu umenewu. Tsono munthu akabwera pakhomo panu kudzapempha ndalama, ati atengere mwana wanu wamng'ono ku timu ya kunja, chenjerani naye.

Mpira wina wa ku America

Mu mzinda womwewo wa Kansas City muli timu ya amuna yotchedwa Chiefs. Iwo amaseŵera mpira wa mtundu wina, umene anthu a ku America amaukonda koposa. Kumeneko akati football ndiye kuti akunena mpira umenewu. Wathu uja amautcha soccer.

Mpira wake si wobulungira. Ndi wautali ngati papaya, ndipo amaunyamula m'manja kapena kuponyerana. Mbali iliyonse imakhala ndi anthu 11. Kuchokera pa mzere wa mbali ino kukafika pa mzere wa mbali inayo pali mamita 91. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mpata kanai kuti isunthire kutsogolo mamita 9. Ikakwanitsa, imapatsidwanso mpata kanai. Ikalephera, mpira umapita kwa anzawo. Munthu akafika nawo mpira kuseri kwa mzere wa adani, timu yake imapeza mapointi 6.

Pali woseŵera wina amene amamutcha running back. Ntchito yake ndi kulandira mpira m'manja, kuukumbatira, ndi kuthamanga nawo pakati pa adani. Adaniwo amaloledwa kumugwira ndi kumugwetsa pansi. N'chifukwa chake oseŵera amavala zipewa zolimba ndi zotchinjiriza mapewa.

Mmodzi amene anagwira ntchito imeneyi ku Chiefs anali wa kuno ku Afirika, Christian Okoye. Anabadwira ku Enugu, ku Nigeria, mu 1961. Anapita ku America kukaphunzira pa koleji ya Azusa Pacific, ndipo maseŵera ake anali oponya chimbale. Mpira wonyamula anauyamba mu 1984, ali ndi zaka 23. Anali munthu wamkulu thupi, woposa makilogalamu 110, komanso waliŵiro. A Chiefs anamulemba ntchito mu 1987.

Mu 1989 Okoye anapatsidwa mpira maulendo 370, ndipo anathamanga nawo mamita opitirira 1,350. Chaka chimenecho palibe anamuposa mu ligi yonse. Koma taŵerengani bwino. Ulendo uliwonse ankasuntha mamita osakwana 4, ndipo nthaŵi zambiri ulendowo unkathera pansi, amuna aŵiri kapena atatu ali pamwamba pake. Thupi silingapirire zotere kwa nthaŵi yaitali. Bondo linayamba kumuvuta, ndipo chaka chake chomaliza kuseŵera chinali 1992. Ntchito yake yonse inatenga zaka 6 zokha.

Ntchito ya nthaŵi yochepa

Mlimi amalima mpaka imvi. Mmisiri wa matabwa amapala mpaka ukalamba, ndipo luso lake limakula ndi zaka. Woseŵera mpira sali choncho. Ntchito yake ili m'miyendo. Ambiri akapitirira zaka 30 liŵiro limayamba kuchepa, ndipo achinyamata amaŵalanda malo. Ena ntchito imaŵathera tsiku limodzi, bondo likathyoka.

Tonse tinamva za malemu Eusébio, mwana wa ku Mafalala, mu mzinda wa Maputo. Anabadwa mu 1942, anapita ku timu ya Benfica ku Portugal mu 1960, ndipo mu 1965 anasankhidwa kukhala woseŵera wopambana ku Ulaya konse. Mu 1966 anamwetsa zigoli 9 pa chikho cha dziko lonse. Komabe bondo lake linachitidwa opaleshoni kangapo, ndipo zaka zake zomaliza m'bwalo anaseŵera ndi ululu.

Naye Temwa zinamugwera. Mu 2025 anamwetsa zigoli 15, ndipo timu yake inamaliza ili pamwamba pa ligi. Mu Okutobala anavulala. Pa maseŵera a ndime yochotsana mu Novembala sanathe kuloŵa m'bwalo, ndipo timu yake inagonja kwa Gotham n'kutuluka. Ntchito ya miyezi yambiri inathera pamenepo.

Tikumbukirenso kuti ofika pamwamba ndi ochepa kwambiri. Pa ana zikwizikwi amene amathamangira chikulunga ku Malaŵi ndi kuno kwathu, amene amadzadya za mpira tingaŵaŵerenge ndi zala.

Nanga makolo achitenji?

Kuletsa mwana kuseŵera si nzeru. Lurdes Mutola, wobadwa mu 1972 ku Chamanculo, ku Maputo, ankaseŵera mpira ndi anyamata. Mlembi José Craveirinha anaona liŵiro lake, namulimbikitsa kuyamba mpikisano wothamanga. Mu 2000, ku Sydney, Mutola anapambana pa mtunda wa mamita 800, nabweretsera Mozambique mendulo yake yoyamba ya golide ya maseŵera a Olimpiki. Akanamutsekera m'nyumba chifukwa ndi mtsikana, dziko lathu likanataya ulemu umenewu.

Kumusiya mwana kuti adalire mpira wokha si nzerunso. Mwana aseŵere madzulo, koma m'maŵa apite ku sukulu. Aphunzirenso ntchito ina ya manja kapena ya kumunda. Ngati ali ndi luso, aloŵe timu yodziŵika, imene aphunzitsi ake mukuŵadziŵa. Akavulala, mupite naye kuchipatala msanga, asabwerere m'bwalo asanachire. Tsiku lina akadzabwera ndi pepala la pangano, muliŵerenge lonse pamodzi, ndipo mufunse kwa odziŵa malamulo musanasaine. Akayamba kulandira, mumulangize kusunga, chifukwa zaka zolandira ndi zochepa kuposa zaka zimene adzakhale atasiya mpira.

Mafunso

1. Kodi Temwa Chawinga anaseŵera m'maiko ati asanafike ku America?
2. Tchulani njira zitatu zimene timu yaikulu imapezera ndalama.
3. Woseŵera akagulidwa, ndalamazo zimapita kwa yani?
4. Kodi ntchito ya running back ndi yotani? Christian Okoye anaigwira zaka zingati?
5. Kambiranani: mwana wanu wamkazi akufuna kuloŵa timu ya mpira. Mudzamuuza chiyani?