Makilomita 20 Tsiku Lililonse: Physics ya Munthu Woyenda Ulendo wa Nyengo

Pa 1 March 2014 gulu la anthu linanyamuka wapansi ku Los Angeles, ku America, ndipo linakafika ku Washington pa 1 November chaka chomwecho. Ulendowu unkatchedwa Great March for Climate Action. Cholinga chake chinali kukakamiza atsogoleri kuti achitepo kanthu pa kusintha kwa nyengo. Mtunda wake unali pafupifupi makilomita 4,800, kutanthauza kuyenda kuchoka ku Lilongwe, kudutsa pa Namitete mpaka ku Mchinji, maulendo oposa 40. Kuno kwathu zofanana nazo zinachitikapo mu 2015, pomwe achinyamata a kampeni ya We Have Faith anapalasa njinga kuchokera ku Maputo mpaka ku Nairobi, kudzera m'Malawi muno, msonkhano wa zanyengo wa ku Paris usanachitike.

Mukagawa makilomita 4,800 ndi miyezi 8, mupeza makilomita pafupifupi 20 pa tsiku. Mwina wina wa ku Kabudula kapena ku Nsaru akuseka kale: "Aphunzitsi, amenewo ndi mtunda? Amayi amayenda chomwecho tsiku la msika!" Zoona. Koma amayi mawa lake sabwerezanso. Chovuta pa ulendo wotere ndi kudzuka m'mawa mwake, miyendo ili yolemera, n'kuyambiranso.

Tsiku limayamba kusanache. Amapasula matenti, kudya, n'kulowa mumsewu dzuwa lisanakwere. Chifukwa chake chili mu physics ya Fomu 3, ndiye tiyeni tiwerengetsere.

Munthu wolemera makilogalamu 60 amagwiritsa ntchito mphamvu pafupifupi 200 kJ pa kilomita iliyonse akamayenda pamalo athyathyathya. Pa makilomita 20 ndi 4,000 kJ. Ufa wa chimanga wokwana magalamu 100 uli ndi mphamvu pafupifupi 1,500 kJ, ndiye ulendo wa tsiku limodzi ukudya ufa woposa kota ya kilogalamu, kuwonjezera pa chakudya chimene thupi limafuna ngakhale mutangokhala pakhonde. N'chifukwa chake khitchini ndiyo ofesi yaikulu pa maulendo amenewa.

Nanga mphamvu imeneyi imapita kuti? Munthuyu sanakwere phiri, ndipo madzulo waima. Potential energy siinawonjezeke, kinetic energy yabwerera pa ziro. Mphamvu siitayika, munaphunzira kale. Pafupifupi yonse yasanduka kutentha, ndipo kutentha kwakeko kwabadwira m'thupi momwemo.

Apa ndiye pali nkhani. Specific heat capacity ya thupi la munthu ndi pafupifupi 3.5 kJ pa kilogalamu pa digiri imodzi. Kwa munthu wathu uja, 60 × 3.5 ikupereka 210 kJ kuti thupi litenthe ndi 1°C. Gawani 4,000 ndi 210, mupeza 19. Kutentha kukanakhala kuti kulibe potulukira, thupi likanachoka pa 37°C kufika pa 56°C. Munthu amayamba kukhala pa ngozi ya moyo akangodutsa 40°C, ndiye sakanafika ndi theka lomwe la ulendo.

Chimene chimamupulumutsa ndi thukuta. Lita imodzi ya thukuta ikamasanduka nthunzi pakhungu imachotsa kutentha pafupifupi 2,400 kJ. Imeneyi ndiyo latent heat, yomwe ambiri mumangoiloweza mayeso akayandikira. Kuti 4,000 kJ ichoke ndi thukuta lokha pafunika malita oposa limodzi ndi theka. Kukazizira, monga m'mawa wa mu June, mphepo imachotsako kutentha kwina ndipo thukuta limachepa. Koma masana a mu October dzuwa limathira mphamvu pafupifupi 1,000 W pa sikweya mita iliyonse yoyang'anizana nalo, mpweya nawo uli wotentha pafupifupi ngati khungu, ndiye ntchito yonse imatsalira thukuta. Ndipo dziwani ichi: thukuta lomwe likungochucha n'kugwera pansi silinaziziritse munthu. Loziziritsa ndi lomwe laumira pakhungu. Malaya otakasuka, owala, olowa mphepo amaposa juzi yothina ya nayiloni, ngakhale ikhale ya timu yanu.

Thukuta limatuluka ndi mchere. Womwa madzi okhaokha tsiku lonse osadya kanthu akhoza kufooka ndithu, choncho chakudya cha mchere kapena Thanzi ORS zimathandiza.

Mdani wina ali kuphazi. Phazi likamakhulana ndi nsapato maulendo zikwizikwi, friction imakoka khungu lapamwamba uku ndi uku mpaka limalekana ndi la mkati, madzi n'kudzaza pampatapo. Ndiwo matuza. Sokosi yonyowa pang'ono imawonjezera friction, ndiye oyenda odziwa amavula nsapato popuma kuti mapazi aume. Chikwama nachonso: pressure ndi force kugawa ndi area, choncho lamba wopyapyala amadula phewa pomwe wotambalala amagawa kulemera komweko pamalo aakulu. Nkhata ya agogo anu imagwira ntchito yomweyo pamutu.

Funso limene ophunzira amakonda kundikola nalo ndi ili: woyenda wapansi nayenso amapuma carbon dioxide, ndiye akusiyana pati ndi galimoto? Carbon amene mukupuma anachokera mu chimanga chomwe chinamutenga mumpweya dzinja lapitali, akungozungulira. Wa mu petulo anakwiririka pansi pa nthaka zaka mamiliyoni ambiri, ndipo lita imodzi ikapsa imawonjezera makilogalamu pafupifupi 2.3 a carbon dioxide mumlengalenga. Tisanamizane, a ku America aja analinso ndi magalimoto onyamula matenti ndi zophikira. Ine sindiona ngati chinyengo. Ulendowo sunali wopulumutsa petulo, unali wofuna kuti anthu amve, ndipo ife amene tinaona chimanga chikufota mu 2024, boma mpaka kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, nkhaniyo tikuidziwa.

Madzulo akafika pogona amamanga matenti pabwalo la tchalitchi, la sukulu kapena pamunda wa munthu wachifundo, n'kutchaja mafoni pa sola. Ena amaphika, ena amakacheza ndi anthu a m'deralo za chilala ndi madzi osefukira. Otsalawo ali chikhalire pansi, kutsuka matuza ndi kuyanika sokosi kuti ziume kusanache.