Kodi katswiri wa kafukufuku timamuzindikira bwanji?

Achinyamata anzathu, pa wailesi timamva kawirikawiri mawu akuti "akatswiri apeza kuti..." Mawu omwewa amawalankhulanso anthu ogulitsa mankhwala a m'mabotolo m'misika ndi pa WhatsApp, ponena kuti amachiza Edzi. Nanga tingasiyanitse bwanji? Asayansi ali ndi njira zawo zoyezera kulemera kwa ntchito ya mnzawo, ndipo ndi bwino kuti ifenso m'makalabu tizidziwe.

Munthu akamaliza kafukufuku, amalemba zomwe wapeza n'kuzitumiza ku magazini ya zachipatala. Asanazisindikize, akatswiri ena amaziwerenga kaye ndi kufufuzamo zolakwika. Zikatuluka, wofufuza wina aliyense amene wazigwiritsa ntchito ayenera kuzitchula m'zolemba zake. Kutchulidwa kumeneku kumawerengedwa. Pa intaneti, Google Scholar imaonetsa kuti cholemba chatchulidwa kangati.

Mu 2005, Jorge Hirsch wa ku yunivesite ya California ku San Diego anayambitsa muyeso wotchedwa h-index. Wofufuza akakhala ndi h-index ya 20, ndiye kuti ali ndi zolemba 20 zomwe chilichonse chatchulidwa kosachepera ka 20. Choncho kulemba zambirimbiri zomwe palibe akuzigwiritsa ntchito sikukweza nambalayi.

Chinthu chachiwiri chomwe amayang'ana n'chakuti munthuyo wagwira ntchito ndi ndani. Chitsanzo chabwino ndi kafukufuku wa HPTN 052, yemwe anatsogolera Myron Cohen wa ku yunivesite ya North Carolina. Funso linali lakuti: ngati munthu yemwe ali ndi kachirombo ka HIV ayamba msanga kumwa ma ARV, kodi mkazi kapena mwamuna wake amatetezeka? Chipatala chimodzi sichikanatha kuyankha funso lotere. Panafunika mabanja 1,763 a m'mayiko 9, momwe mmodzi anali ndi kachirombo pamene mnzake analibe. Ena mwa mabanjawa anali a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo pa mndandanda wa olemba pali Dr Johnstone Kumwenda ndi Dr Mina Hosseinipour, omwe ankagwira ntchitoyi kuno ku Malawi.

Zotsatira zinatuluka mu 2011 mu New England Journal of Medicine. Mwa anthu 28 omwe zinatsimikizika kuti anatenga kachirombo kwa akunyumba kwawo, 27 anali m'gulu lomwe linachedwa kuyamba mankhwala, ndipo mmodzi yekha ndiye anali m'gulu loyamba msanga. Mpata wopatsirana unatsika ndi 96 peresenti. Cholembachi chatchulidwa kambirimbiri, kufika m'masauzande. Koma kwa ife chachikulu n'chakuti, pamodzi ndi kafukufuku wina, chinathandiza kuti mu 2015 bungwe la WHO lilangize kuti aliyense wopezeka ndi kachirombo ayambe ma ARV osadikira kuti chitetezo cha m'thupi chitsike. Malawi inayamba kutsatira zimenezi mu 2016.

Komabe tisapusitsidwe ndi manambala. Munthu atha kutchulidwa kwambiri chifukwa chakuti anzake akumutsutsa, ndipo makompyuta owerengerawo sasiyanitsa kuyamikira ndi kudzudzula. Ena amangodzitchula okha mobwerezabwereza. Wachikulire amakhalanso ndi h-index yokwera kuposa wongoyamba kumene, ngakhale wachinyamatayo atakhala ndi luso loposa. Ndipo anamwino, alangizi ndi oyeza magazi, omwe amayenda m'midzi kutsatira odwala, maina awo nthawi zambiri sapezeka pamwamba pa cholemba. Ichi n'chifukwa chake ofufuza a mu Africa akhala akudandaula kuti ntchito imachitikira kuno, koma ulemu n'kupita kunja. Dandauloli ndi lomveka.

Nkhani ya Peter Duesberg ndi yofunika kuti kalabu iliyonse iidziwe. Iyeyu anali pulofesa wotchuka ku yunivesite ya California ku Berkeley, wolemekezeka chifukwa cha kafukufuku wake wa mavairasi ndi khansa. Kuyambira mu 1987 anayamba kunena kuti HIV siyambitsa Edzi. Asayansi anzake anaunika mfundo zake n'kuzikana, popeza umboni wa m'zipatala unkasonyeza zosiyana. Koma dzina lake linali lalikulu, ndipo mu 2000 Pulezidenti Thabo Mbeki wa ku South Africa anamuika m'gulu la omulangiza pa za Edzi. Boma la dzikolo linazengereza kupereka ma ARV. Ofufuza a ku Harvard anawerengera mu 2008 kuti anthu oposa 330,000 anamwalira pakati pa 2000 ndi 2005 chifukwa cha kuchedwako.

Tsono wina akabwera ku kalabu yanu ndi nkhani ya mankhwala atsopano, mufunseni mwaulemu kuti kafukufukuyo anasindikizidwa kuti, anachita ndi anthu angati, ndiponso ngati magulu ena a ofufuza anabwereza n'kupeza zofanana. Funso lomalizali ndi lomwe ogulitsa mabotolo aja amalephera kuyankha. Ngati mnzanu akuganiza zosiya ma ARV chifukwa cha zomwe wamva, musakangane naye pagulu. Mperekezeni kuchipatala akakambirane ndi adokotala kapena mlangizi asanadumphe ngakhale tsiku limodzi.